Pusi Wamanja, Mwana Wamanzere

Ndidziulule ndekha ena asanandiulule. Ine mpaka imvi zinayamba kutuluka ndinkakhulupirira kuti apusi onse ndi amanzere. Onse ndithu, kuyambira a m'kaphiri ka kwathu mpaka a ku Dzalanyama. Ndinkakhulupiriranso kuti mwana akabadwa wamanzere ndiye kuti bambo ake anapenyetsetsana ndi pusi pamene mayi anali oyembekezera, pusiyo n'kubwereka mwanayo dzanja lake. Musandifunse amene anandiuza. Zinthu zotere munthu sachita kuuzidwa, amangodzuka nazo ngati chimfine. Sukulu ndinailekera panjira nditangodziwa kulemba dzina langa ndi kujambula nsomba, choncho m'mutu munatsala malo ambiri ogonamo zopusa.

Ndinali mkamwini kwawo kwa akazi anga, chakumadzulo kwa Mitundu, kumene minda imakathera m'tsinde mwa kaphiri ka miyala. Munda umene apongozi anandilozera unali womalizira weniweni, woyang'anizana ndi thengo. Ndikuganiza ankafuna aone ngati mkamwini wawo ali ndi mawu okuwira. Chaka ndi chaka, chimanga chikayamba kukhwima, ndinkakwera pachilindo, kansanja kofolera udzu ka pakati pa munda, legeni m'khosi, kudikira apusi.

Mzime wathu anali mtsikana, wobadwa anyamata atatitopetsa kale. Anayamwa chala chamanzere, anatola mwala wake woyamba ndi lamanzere, ndipo tsiku loyamba kundimenya mbama anandimenyanso ndi lomwelo. Ine ndinkadziwa kuti mlandu ndi wanga, chifukwa chaka chimene iye anali m'mimba panali pusi wina amene tinkakhalira kuyang'anana m'maso ngati anthu ofuna kufunsirana. Sindinauze munthu, ndipo akazi anga sanadandaulepo. Iwo ndi munthu wa mawu ochepa. Akakwiya amachita chibwibwi, liwu limakakamira pakhosi, ndiye anazolowera kukwiya mwakachetechete. Nthawi ya fodya ankakhala okha m'chigafa atafulatira khomo, kusoka masamba mofulumira kuposa mayi aliyense m'mudzimo.

Inali nthawi ija matipate atangolowa. Pamsika wa Mitundu anthu ankalankhula mokweza zinthu zimene kale tinkanong'onezana kuseri kwa nkhokwe. Sukulu inasanduka yaulere, ana onse anakhamukirako, mzime wanga nayenso. Ankaphunzirira pansi pa mtengo, akulemba padothi ndi chala, mphunzitsi mmodzi pakati pa ana ngati nyerere, kotero panalibe amene anaona kuti akulembera dzanja liti. Akaweruka ankadzaza bwalo lonse ndi zilembo zozungulira bwino ngati mazira a nkhanga, moti nkhuku zikadutsapo ndinkazithamangitsa.

Amene anaona ndi alamu anga, mlongo wamkulu wa akazi anga, telala wa pakhonde la sitolo ku Nathenje. Munthu wa mizere yowongoka, kuyambira buluku mpaka ndevu. Kwathu kuno ana ndi a kuchikazi, ndipo mawu omaliza pa mwana ndi a malume ake. Ine bambo ndinali ndi ufulu wongotsokomola.

Anafika pa njinga Lamulungu lina masana, ali thukuta kamukamu. Mwana anathamanga kukatunga madzi m'kapu, anagwada bwinobwino, n'kutambasula dzanja lamanzere.

Alamu anayang'ana kapu ija ngati muli chule.

"Iwe, madzi amapereka ndi dzanja limenelo?"

Mwana anayang'ana dzanja lake.

"Alamu," anatembenukira kwa ine, "mwana uyu mukumulera kapena mukungomuweta?"

"Akadali wamng'ono, alamu."

"Ndi apusi anu aja amenewa. Munthu wamkulu kumaswera m'thengo kuyang'anana ndi nyama."

Ndinaweramitsa mutu, chifukwa apo anali atalasa penipeni.

"Mukakolola ndidzabwera kudzamutenga. Akakhale kwathu ku Nathenje mpaka awongoke. Dzanjalo timalimangirira m'chiuno ndi luzi kuyambira m'mawa mpaka pogona. Akaliba n'kudyera, timalipaka tsabola. Kwathu tinawongolapo kale wina, ndipo anawongoka bwinobwino."

Sindinafunse kuti winayo ndani. Ndinali kalikiliki kufunafuna kachipongwe koti ndiwabwezere, koma sikanabwere. Akazi anga anali ataima pakhomo la chigafa, singano ya fodya ili m'tsitsi. Anatsegula pakamwa, liwu linakana. Anabwerera mkati. Kuyambira tsiku limenelo mwana anayamba kuyenda atapinda dzanja lamanzere m'khwapa, ndipo pabwalo nkhuku zinkangodziyendera, zilembo panalibe.

Pachilindo munthu amaganiza zambiri chifukwa palibe womudula mawu. Dzuwa likafika pamutu, masamba a chimanga amanong'onezana, kamphepo kamabweretsa fungo la fodya wouma m'zigafa, ndipo kutali uko lole imalira mpaka kulira kwake kusungunukira m'mlengalenga. Sugona ndipo sukhala maso. Umangoyandama. Mitambo imachokera ku Dzalanyama ngati ng'ombe zopanda mbusa, mithunzi yake n'kumakwawa pamwamba pa ngayaye, ndipo umayamba kuona anthu amene anapita kale.

Ine ndinkaona bambo anga. Iwo anagwa mwadzidzidzi ali kudimba, tinawanyamula mpaka kuchipatala ku Nkhoma. Dzanja lamanja linali litafa, mwendo wamanja chimodzimodzi, ndipo mawu anali atathawa. Ankandiyang'ana, akundidziwa, koma dzina langa osalipeza. Chodabwitsa n'chakuti amayi akayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, bambo ankaimba nawo mpaka kumapeto osaphonya liwu. Nyimbo ikatha, ziii. Bambo wina wovala zoyera anatifotokozera kuti m'mutu mwa munthu muli zipinda ziwiri. Chipinda chakumanzere chimayendetsa dzanja lamanja, chakumanja chimayendetsa lamanzere, chifukwa zingwe zake zimapingasana chapakhosi. Anati mwa anthu ambiri mawu amagona m'chipinda chakumanzere, ndipo n'chimene chinawonongeka mwa bambo. Ine ndinamva theka, theka linalo ndinali kuyang'ana nsapato zake. Koma pachilindo paja zinandibwerera zonse. Ndinkadzifunsa kuti kodi nyimbo ija inkagona chipinda chiti. Ndinkadzifunsanso kuti ukamanga dzanja la mwana ndi luzi, kumtunda kuja, kumene chingwe chimakathera, chimamangika n'chiyani.

Kamba wanga wa kumunda anali chinangwa ndi chiponde. Chipondecho ndinkachiika m'kachidutswa ka nsungwi kotseka ndi chitsononkho. Tsiku lina tulo tinandiba, ndipo podzidzimuka ndinapeza nsungwi yanga palibe. Inali pachulu, m'manja mwa pusi wamkulu wamwamuna wong'ambika khutu. Ndinakoka legeni. Kenako ndinaitsitsa.

Mkulu uja anali atagwira nsungwi ndi dzanja lamanzere. Chala chimene ankapisa mkati, kukomba chiponde n'kunyambita, chinali cha dzanja lamanja. Anapisanso, lamanja. Anatembenuza nsungwi, kusuzumiramo ndi diso limodzi, n'kupisanso lamanja lomwelo, kachala kakang'ono atakakweza m'mwamba ngati munthu wolowetsa ulusi pa singano. Pomwepo ndinamutcha a Telala.

Ndinati mwina ndi mmodzi yekha wopulukira, monga mtundu uliwonse uli naye wake. M'mawa mwake ndinadula nsungwi zambiri kumtsinje. Ndinatapa mtedza wa akazi anga, wambewu weniweniwo, ndinakazinga ndi kusinja mobisa ngati mfiti, n'kupaka chiponde m'kati mwa nsungwi zija, kuzimwaza pachulu. Mlonda anayamba kuphikira akuba. Apongozi akanadziwa akanandilozera njira ya kwathu.

Masiku amene anatsatira sindingawasiyanitse, anangolumikizana ngati loto limodzi lalitali. Apusi ankatsika m'phiri dzuwa likayamba kutentha, woyamba n'kukhala pamwala kundiyang'ana, ine n'kunamizira kugona. Akamatola chimanga chogwa pansi ankatola ndi dzanja lililonse limene layandikira, monga timachitira tonse. Koma ikafika ntchito ya nsungwi, yofuna dzanja lina ligwire lina lipise, aliyense anali ndi lakelake ndipo sankalisintha. A Telala, lamanja. Mayi wina wa khanda ankalikumbatira kumanzere kwa chifuwa, nsungwi n'kuipana ndi phazi, kupisa ndi lamanja. Panali kamsoti kena kochenjera, kamaso owala, ako kanali kamanzere kotheratu, ndipo kankamaliza chiponde anzake asanafike pakati. Panalinso chitsiru china chimene chinkasinthasintha manja mpaka nsungwi kugwera m'dzenje la chiswe. Chimenecho ndinkachimvera chisoni ngati m'bale wanga. Amanja ankaoneka ochulukirapo, ngakhale sindingalumbire, chifukwa apusi sakhala pamzere kuti uwawerenge.

Ndinkayang'ana timitu tawo tating'ono tija n'kumaganiza kuti namonso muli zipinda ziwiri, zingwe zopingasana pakhosi. Nanga poti salankhula, m'chipinda cha mawu amasungamo chiyani? Masana ena ndinalota mutu wanga uli nyumba ya zipinda ziwiri. M'chipinda china bambo anga ankaimba, atakhala pampasa, manja onse ali amoyo. M'chinacho mzime wanga ankalemba pakhoma ndi khala, kamsoti kamanzere kaja katamugwirira nyali. Pakati panali khomo lopanda chitseko, ndipo akazi anga anaima pamenepo atandifulatira, akusoka chinachake chimene sindinachione. Ndinadzuka dzuwa litapendeka, apusi atathyola mzere wathunthu wa chimanga. Sindinakwiye n'komwe. Mtima unali mbee. Ngati apusi ali amanja ndi amanzere ngati ife, ndiye kuti mwana wanga sanabwereke dzanja kwa aliyense. Ndi lake.

Ndinapalasa njinga mpaka ku Nathenje. Pamsewu maminibasi anali atachuluka chaka chimenecho, anyamata akukuwa za tauni ndi za Diamphwe, kukokerana anthu ndi katundu yemwe. Alamu ndinawapeza pakhonde pawo, tepi m'khosi, akupalasa makina.

"Alamu, kwagwanji? Apusi akupatsani tchuthi?"

"Andituma. Akuti mubwere mudzaone m'bale wanu."

"M'bale wanga ali kwanu konko, munamukwatira."

"Uyu ndi wina. Amagwira ntchito ndi dzanja lamanja ngati inu nomwe, ndipo kachala amakakweza chimodzimodzi."

Makina anaima. Anthu odikira zigamba zawo anayamba kuseka.

"Pusi wamanja kulibe, alamu. Mwayamba kusuta fodya wosayenera."

"Bwerani mudzandichititse manyazi pamaso pa akazi anga. Mondokwa aliponso."

Zinthu ziwiri zimenezo alamu sakanazikana.

Anabwera Loweruka. Kuwakweza pachilindo ndi nsapato zawo zopolisha inali ntchito, ndinachita kuwakankha kumbuyo ngati thumba la feteleza. Tinakhala. Apusi, poona mlendo wa malaya oyera, anachedwa dala. Alamu anadya mondokwa, anadandaula za nyerere, anandiuza kuti moyo wanga wonse ndi wotere, kudikira zinthu zopanda pake. Kenako kamphepo kaja kanawapeza nawonso. Anasiya kulankhula, maso anayamba kulemera, ndipo ndinawamva akung'ung'udza kanyimbo ka ana osewera padambo.

Tchire linagwedezeka. A Telala anatsika pang'onopang'ono ngati mwini munda, anakhala pachulu, anasankha nsungwi yonenepa. Kugwira ndi lamanzere. Kupisa ndi lamanja. Kachala m'mwamba.

Ndinawagunyuza alamu ndi chigongono. "Apatseni moni achimwene anu."

Anayesa kulimba nkhope koma zinakanika. Anaseka mpaka chilindo chinagwedezeka, misozi ili mbwembwembwe, akuloza ndi chitsononkho. "Taonani kachalako! Ameneyu ndimulembe ntchito, alamu, angandithandize mayunifolomu!" Anaona mayi wa khanda uja, anaona kamsoti kamanzere, anaona chitsiru chija chikugwetsa nsungwi yake, n'kunena kuti chimenecho ndiye chafanana ndi mkamwini wina amene akumudziwa. Ine ndinalola. Wopambana sakangana.

Potsika anapukuta nsapato zawo ndi masamba, ndipo ataweramuka nkhope ya ku Nathenje inali itabwerera.

"Chabwino, alamu. Apusi ndawachotsa pa mlandu, inunso ndakuchotsani. Koma mwana uja sadzakwatiwa ndi pusi. Tsiku lina adzapereka madzi kwa apongozi ake ndi dzanja lija, ndipo adzati kwawo kunalibe malume. Adzalira ndi iyeyo, osati inu. Mukakolola ndibwera."

Mtedza wonse uja, masiku onse aja, ndinali nditapambana mlandu wanga, wa mwana uli pomwepo. Njira yonse yobwerera kumudzi sindinapeze chipongwe ngakhale chimodzi.

Tinafika dzuwa litafiira. Mzime wanga ataona njinga ya amalume ake anathawira kuseri kwa nkhokwe, dzanja m'khwapa. Alamu anakhala pampando n'kuitanitsa madzi. Ndinayembekeza kuti mayi ake amukoka mwanayo, koma amene anatuluka ndi kapu ndi iwo eni. Anayenda mosafulumira, anagwada pamaso pa mlongo wawo, dzanja lamanja analiika pabondo, n'kutambasula lamanzere.

Ine mumtima ndinati, kalanga ine, mayiwa asokonezeka ndi mantha, atiwonjezera mlandu. Ndinatsokomola kuti azindikire. Sanandiyang'ane.

Alamu anayang'ana kapu. Kenako maso awo anatsikira pamkono, pamene akazi anga ali ndi chipsera chakuda chozungulira ngati chibangili. Chipsera chimenecho ndinachipeza pomwe ndinkawafunsira, ndipo ndinkangoti anapsa ndi moto ali mwana. Kapu inali m'malere, yosagwedera ngakhale pang'ono. Nkhuku zinalowa m'khola. Penapake mwana wa eni ankalira, n'kutonthola, kapu ili pomwepo.

"Mlongo wanga," anatero alamu, mawu atatsika.

Akazi anga sanatsitse dzanja.

Alamu anatambasula manja onse awiri, analandira, anamwa madzi onse ngati munthu womwa mankhwala. Atatha anatembenukira kunkhokwe.

"Iwe wakuseri kwa nkhokwe, tabwera kuno."

Mwana anabwera akukoka mapazi.

"Tulutsa dzanjalo m'khwapa, lingavunde. Tamvera. Madzi uzipereka ndi manja awiri, kwa aliyense, wamva? Zolembalemba zakozo uzilembera limene ukufuna. Ku Nathenje uzibwera kudzaona azakhali ako basi, ndidzakusokera diresi."

Alamu anakana kugona kwathu, anakana ndi chakudya chomwe. Njinga sanaikwere, anangoikankha mpaka anazimiririka m'chimanga. Asanafike n'kumsewu komwe, mzime wanga anali atagwada pabwalo, chala chamanzere m'dothi, akulemba mothamanga kuti mdima usamupeze.

Madzulo amenewo ine ndinali munthu wamkulu kwabasi. Ndinafotokozera akazi anga mmene nzeru zimagwirira ntchito mwa anthu ouma mutu ngati alongo awo, kuti zimalowa pang'onopang'ono ngati mvula ya pa dothi la makande. Ndinati zimene anaona pachilindo zinawafika pamtima atakhala kale pampando. Ndinawafotokozera za zipinda ziwiri, za zingwe zopingasana, za a Telala ndi kachala kawo. Ndinawakhululukiranso chifukwa chosokoneza manja pamaso pa mlendo, ndinati zimachitika munthu akachita mantha. Mwinanso ndinanenapo kuti boma latsopanoli likanadziwa likanandiitana.

Iwo ankangomvetsera, akuyala mphasa, akukonza chingwe cha nyali. Ana atagona anadzakhala pafupi nane, anaika dzanja lawo lamanzere pabondo langa, chipsera chili poyera. Ndinadikira chibwibwi chija. Sichinabwere. Mawu anatuluka osalala ngati madzi a pamwala.

"Abambo, mwatha mtedza wanga wambewu kuyang'ana manja a apusi, mpaka mukudziwa wamanja ndi wamanzere m'phiri lonse. Ine mwakhala nane mpaka imvi. Fodya yense amene mwagulitsa chikwatirireni ndasoka ndi dzanja ili, nditafulatira khomo. Wina uja anawongoledwa kwathu ndine, ndipo luzi lake ankakasenda kuthengo ndi achimwene omwewo. Mawa musanapite kwa abale anu aja, muyambe mwabwera m'chigafa. Ndikhala choyang'ana kukhomo."